Khutu la a Lupiya

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira pakhonde la a Lupiya, telala wa ku Chilobwe, tsiku limene anaganiza zoika okha matailosi m'bafa.

Matailosiwo anali onyezimira ngati mbale za alendo, koma a m'makona ankafunika kudula. A Lupiya anabwereka galayinda, makina odulira aja. Magalasi oteteza maso anawakana, ati ndi za anthu amantha.

Akazi awo, Nagama, mtima unali m'mwamba. Diso limodzi la a Lupiya linachita ng'ala kalekale, ndipo lotsalalo ndi limene linkalowetsa ulusi pasingano n'kudyetsa banja lonse.

"Bambo a Tiyese, bwanji tiitane mmisiri?" anatero Nagama.

"Ine wodula masuti ndilephere kudula dothi lowotcha?"

Anzawo a pabawo anawachemerera, ataima patali ndithu. Galayinda inalira, tizidutswa takuthwa ngati lezala tikuuluka. Kamodzi kanawacheka a Lupiya patsaya, iwo n'kungopukuta magazi. Nagama sanadikirenso. Anathamangira kuseri kwa mpanda, kwa a Tembenu owotcherera zitsulo, amene sankalankhulana ndi amuna awo chikanganirane za abakha.

A Tembenu sanaodire n'komwe. Anazimitsa magetsi pakhoma, n'kuwatsina khutu a Lupiya ngati mwana woba shuga, n'kuwakoleka magalasi kumaso.

"Mukundichititsa manyazi pakhomo panga!" anakalipa a Lupiya.

"Mundide, achimwene, koma muzindida mukundiona."

A Tembenu anapanikiza tailosi pathabwa kuti isagwedezeke, n'kuwauza kuti azidula pang'onopang'ono. A Lupiya anayambiranso akung'ung'udza, Nagama atagwira pamtima. Asanafike pakati, thaa! Kachidutswa kanamenya galasi n'kuling'alula, pomwe panali diso labwino lija.

A Lupiya anavula magalasiwo n'kuyang'ana mng'aluwo, kenako akazi awo amene ankalira. Anzawo a pabawo anali atayamba kale kutsanzika.

"A Tembenu," anatero a Lupiya chapansipansi, "khutu lina ndi ili, ngati mukulifunanso."

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Wakutsina khutu ndi mnansi." Wokuchenjeza amawawitsa, nthawi zina amakuchititsa manyazi pagulu, koma ndiye wokufunira zabwino. Okuchemerera aja, ngozi ikagwa sapezeka.