Chipande cha Mayi Wamasiye

Panali mayi wina wamasiye amene analandidwa chipande pamaso pa anthu.

Mwamuna wake anali ndi matenda a shuga. Achipatala atamufotokozera mayiyu kadyetsedwe ka munthu wotere, iye anasunga mawuwo ngati lamulo. Sukulu anailekeza ali wamng'ono, koma anadziphunzitsa yekha kuwerenga bwino, ndipo chilichonse cholembedwa za matendawa ankachiwerenga mpaka achimvetse. Anasiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa. Mtanda unachepa, masamba anachuluka, shuga anachoka m'tiyi. Mwamunayo anakhala zaka zambiri akulima munda wake. Kenaka anamwalira, monga amwalira anthu onse.

Pa tsiku lovundukula chiliza, mayiyo anali pakati pa amayi anzake akuomolera alendo nsima. Mlamu wake, mlongo wa malemuyo, anafika n'kumulanda chipande m'manja.

"Mlamu, khalani apo. Anthuwa abwera kudzakumbukira malemu, sanabwere kudzasala kudya. Mlongo wanga munamupha ndi njala, awa alekeni."

Amayi ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mayiyo anasamba m'manja, anamanga bwino chitenje chake, n'kubwerera kunyumba kwake. Mumtima analumbira kuti a banja limenelo sadzalawanso chophika iye.

Anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Ndaziona. Mwanayu anakula akuona mbale ya bambo ake, ndipo zonenedwa pa chiliza paja anazimva. Atapeza malo kusukulu yaukachenjede, anasankha maphunziro a kadyedwe, makamaka kadyedwe ka anthu odwala. Anthu pamudzi ankafunsa moseka ngati kuphika nako kumafuna yunivesite. Mayi ake sankataya nawo mawu. Pa tchuthi ankamukhazika mwanayo pakhonde kuti awamasulire zimene zili m'mabuku ake.

Chaka chomaliza, ophunzira amatumizidwa m'zipatala kukagwira ntchito pansi pa akatswiri. Kumeneko, m'wodi ya amayi, Ndaziona anapeza azakhali ake olanda chipande aja ali gone. Shuga wa m'banjamo anali atawapeza iwonso, ndipo anali ndi chilonda kuphazi chimene sichinkapola. Dokotala ananena mosabisa kuti shuga akapanda kutsika, mwendo udulidwa.

Tsono kwathu kuno munthu sazonda wodwala chimanjamanja. Achibale ankabwera ndi mabanzi, thobwa lothira shuga ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo; ndipo wodwala sakana mphatso ya womuzonda, kuopa kuti amunena kuti wanyoza. Ndaziona ndi mphunzitsi wake ankakonza kadyedwe m'mawa. Nthawi yoona odwala ikakwana, chikondi cha achibale chinkagumula zonse. Amene ankadikirira wodwalayo anali mkazi wa mwana wake, munthu wofatsa, ndipo ankaomola mitanda ikuluikulu. Iyenso analipo pa chiliza paja. Anaona ndi maso ake zimene zimachitikira mkazi wochepetsa mtanda.

Ndaziona anapita kwa mayi ake n'kuwafotokozera zonse. Mayiyo anayankha kuti a banja limenelo ali ndi zipande zawo.

"Amayi, choyenera kukhala m'mbale ndikuchidziwa. Koma wophika mbaleyo si ine, ndipo alendo a azakhali sindingawaimitse pakhomo, ndine mwana. Pakufunika munthu wosaopa kunenedwa. Kupatula inu, wina sindikumudziwa."

M'mawa mwake mayiyo anamanga kamtolo ka nkhuni, anatenga mphika, mgaiwa, nyemba ndi mfutso wa nkhwani, n'kukwera minibasi yopita kuboma.

Atafika kuchipatala anakhala pansi n'kumvera mwana wake ngati wophunzira. Zina ankazidziwa kale. Zina zinali zachilendo: kuti mgaiwa nawo ukachuluka umakweza shuga, kuti wodwala wobayidwa jakisoni wa shuga sayenera kudumphitsa chakudya, kuti chilonda chimafuna nyemba, mazira ndi usipa kuti mnofu umere. Pamene sanamve bwino anafunsa kawiri, ndipo sanachite nazo manyazi.

Kenaka anakaphika kumalo ophikira odikirira odwala, n'kudzaika mbale pamaso pa mlamu wake: mtanda waung'ono, masamba ambiri. Inali mbale yomwe ija ya malemu. Mlamuyo anaiyang'ana nthawi yaitali, osakweza maso kwa amene waibweretsa.

"Mlamu, idyani," mayiyo anatero. "Njala yake siipha."

Anadya.

Alendo akabwera, mayiyo ankalandira mphatso zawo ndi manja awiri, kuwathokoza, n'kukagawira mabanziwo ndi zakumwazo kwa odikirira odwala ena. Ena mwa achibalewo anati ndi wouma mtima. Ena anati wabwera kudzatsiriza ntchito imene anaiyamba pa mwamuna wake. Mawu amenewa sanali atsopano kwa iye, ndipo sanamusunthe pakhomo la wodi. Shuga anatsika. Chilonda chinayamba kuuma m'mphepete. Mwendo sunadulidwe.

Inu ana anga amene mukupita kukaphunzira za kadyedwe, mverani. Kaphunzireni mwakhama, pakuti zimene akakuphunzitsenizo n'zoona, ndipo zimapulumutsa anthu. Koma dziwani kuti mbale imene mudzalamule idzaphikidwa ndi mkazi wina amene ali ndi alamu, apongozi ndi anansi omuyang'ana m'manja. Musadzangomuuza kukula kwa mtanda n'kumusiya yekha. Mudzaitanenso amene angamunene, muwauze iye ali pomwepo kuti mtanda waung'onowo si nkhanza. Si akazi onse amene angapirire kutchedwa wakupha kawiri.

Ndaziona atatsiriza maphunziro ake, pamudzi panali phwando. Amayi aja a pa chiliza analipo. Mlamu uja anadutsa pabwalo akuyenda ndi mapazi ake onse awiri, anatenga chipande pamphika waukulu, n'kuchipereka kwa mayiyo ndi manja awiri. Mayiyo analandira, n'kuomola nsima.