Nkhanga Afunira Rubi Mwamuna

Mphezi indiwombe pompano ngati muli bodza m'nkhani iyi! Tili tonse? Chabwino.

Kalekale, nyama zikadayankhula, Nkhanga anatola kamwala kofiira psuu m'phiri la Chimwadzulu, n'kukafungatira ngati dzira. Sikanaswe. Iye anati basi, ameneyu wabadwa kale, dzina lake Rubi.

Mwanayo anali wolimba zoopsa. Khasu analikanda, mpeni anaukanda, iye osakandika. Koma kulima ayi. Mvula ili pafupi, munda uli thengo, Nkhanga anayamba kufuna mkamwini woti amulimire.

Fulu anabweretsa mphwake, Galasi. Rubi kungomupatsa moni, mnyamata nkhope yonse mizere. Anabwerera akulira.

Njiri anabweretsa Ganeti, mwala wofiira nawonso.

"Iii a Njiri, maso muli nawo?" anatero Nkhanga. "Kufiira kumeneku si chibale? Mwana wanga akwatiwe ndi mlongo wake? Chokani!"

Khwangwala anabweretsa Safaya, mwala wabuluu ngati thambo.

Nkhanga anati, "Eya, mlendo weniweni ndi uyu. Fululani mowa!"

Tsiku la chinkhoswe, Mfuko, uja amakhala pansi pa nthaka, anatumphukira pakati pa mphasa.

"Pepani mayi, mfunda wa mnyamatayu munafunsa?"

"Wofiira ndi wabuluu, tifunsenso chiyani?"

"Onsewa ndi a Korandamu, bere limodzi. Ndinkawadutsa atagona m'thanthwe limodzi. Wanuyu anafiira chifukwa ananyambita kachitsulo kotchedwa kromiyamu ali khanda, basi. Akhulanitseni muone."

Anawakhulanitsa. Palibe anagonja. Anawakhulanitsanso mpaka Khwangwala thukuta kamukamu. Palibe anagonja.

"Mwaona?" anatero Mfuko. "Kuuma kwa pamtundu kumeneko. Awa amaopa Dayamondi yekha. Ganeti munamuthamangitsa uja ndiye anali wakudera, woti n'kukwatira."

Ukwati unathera pomwepo, koma mowa wokha anthu anaumwa ndithu. Nkhanga liwiro kwa Njiri.

"Achimwene, mnyamata wabwino uja alipo?"

"Mlongo wa mwana wanu uja? Mwachedwa mayi. Ali kutauni, analembedwa ntchito ya sandipepa kwa kalipentala."

Mvula inagwa, mkamwini palibe. N'chifukwa chake mpaka lero Nkhanga amapalasa yekha m'munda ndi zikhadabo, akulalata.

Nthano yanga yathera apa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule. Inu ofunira ana banja, musamangoona khungu, muzifunsa kumene munthu wachokera.

Za sandipepazo ndangoonjezera ine. Ganeti sanagwirepo ntchito chibadwire.