Rozi wa pa Chiliza cha Nachisale

Kunali munthu wina ku Bvumbwe amene ankagulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu. Tsiku lina akudutsa m'manda akale a pa esiteti ya tiyi, anaona rozi wofiira moderako atayanga pa chiliza chong'aluka. Fungo lake linali lamphamvu moti linkamveka munthu asanafike. Anayang'ana uku ndi uku, nadula nthambi zodzaza thumba.

Nthambi zija zinagwira zonse, osafa ndi imodzi yomwe. Koma ndani angagule duwa la kumanda? Choncho anayamba kulipatsa mayina. Kwa mtsikana wokonzekera ukwati ankati ndi Chimwemwe cha Mkwatibwi. Kwa amayi a mvano okongoletsa tchalitchi ankati ndi Kuwala kwa M'mawa. Kwa mwini hotela anati mbewu yake inachokera ku Joni. Onse anagula, aliyense akuyesa kuti wapeza lakelake.

Masana ena kunabwera mkulu wina wakhungu, akupapasa njira ndi ndodo. Anaima pa mbande zija. Kenako anagwira tsamba, nayendetsa chala pa minga, nanunkhiza duwa.

"Bambo, ili ndi la Nachisale, mkazi wanga," anatero. "Ndinalibzala ndine pa manda ake ndili wosamalira maluwa pa esiteti. Mwalitenga bwanji?"

Apa wogulitsa uja akanatha kuvomera n'kupepesa. Koma anaseka, nati, "Mwasokoneza, madala. Ili dzina lake ndi Kuwala kwa M'mawa."

"Litchuleni mmene mufunira," mkuluyo anayankha. "Ine ndalidziwa." Ndipo anapita.

Patangotha sabata, pakhomo pa nyumba ya wogulitsayo panaphuka rozi, pamalo pouma pamene iye sanabzalepo kanthu. Anamuzula. Anaphukanso. Anakumba ndi khasu mpaka dzenje linafika m'mawondo, nathiramo madzi owira. Pa tsiku lachitatu mphukira inatulukira mkati mwa nyumba, kumutu kwa mphasa yake. Fungo lija linalowa m'zovala, m'madzi akumwa, ngakhale mu ufa. Mkazi wake anatenga ana n'kupita kwawo, nati sangagone m'nyumba yonunkhira maliro. Ndipo mbande zonse zimene anagulitsa zinamasula tsiku limodzi, pa tchalitchi, pa hotela ndi pakhomo pa akwati aja, mtundu umodzi, fungo limodzi. Anthu anayamba kufunsana.

Munthu uja anafunafuna mkulu wakhungu kuti apepese. Atafika kumudzi kwa mkuluyo anapeza anthu akubwerera kumanda, makasu ali pamapewa. Anali atamuika m'mawa womwewo, pambali pa Nachisale.

Abale anga, ifenso timadziwa kutcha mayina. Kuba timati kudzithandiza. Chiphuphu timati ya fanta. Mkazi wa mwini timati mnzanga chabe. Dzina likakoma, mtima umagona tulo. Koma Mulungu sawerenga dzina limene talemba pa chubu chobzalamo mbande. Amagwira tsamba, amagwira minga, amadziwa kumene tinadula. Lero akukufunsani mofatsa kuti mwalitenga bwanji. Litchuleni tchimolo dzina lake lenileni lero lomwe, wofunsayo akadali chiimire pamaso panu.