Manyazi a Kapitawo Pyo

Masiku ano munthu akagula galimoto ya Haeryong amagona tulo tofa nato, ndipo ana a lero amayesa kuti zinali choncho chiyambire. Ayi ndithu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene galimoto za kuno ku Korea zinkangoyamba kuwoloka nyanja, dzina lathu linkanunkha kunja. Anthu ankazigula chifukwa chotsika mtengo, kenako n'kumazitukwana m'mbali mwa msewu. Ife m'fakitale tinkadziwa nyimbo imodzi yokha: fulumira, fulumira, sitima ikudikira padoko.

A Pyo Man-sik anali kapitawo pagawo lomanga mabuleki. Anali munthu wamfupi, wakhosi lonenepa, amene analowa ntchito fakitale ikadali ndi denga lodontha. Mtima wawo sunali woipa, ndipo pamaliro a wantchito aliyense ankafika oyamba. Koma kusekedwa ankakuopa ngati njoka. Pamwamba pa lamba woyendetsa galimoto zomangidwa panali chingwe chofiira. Munthu akachikoka lamba ankaima, belu n'kulira fakitale yonse, mabwana n'kutsika m'maofesi kudzamuimira pamaso anthu onse akuyang'ana. A Pyo ankadziguguda pachifuwa kuti chiyambire ntchito chingwecho sanachikhudzepo.

Sabata ina kunabwera timapaipi ta mafuta a mabuleki tokhala ndi manati olakwika. Seok, mmodzi wa amisiri awo, anawaitana ndi sipanala.

"Akapitawo, manatiwa sakukhala bwino. Ena akuchucha mafuta. Tikoke chingwe?"

"Ukoke chiyani? Dzanjalo ndilidula. Manga ndi mphamvu, upukute, ipite. Kodi sunadye mpunga m'mawa?"

"Nanga zikakamasuka panjira?"

"Zikupita kutsidya kwa nyanja izi. Uli ndi m'bale kumeneko iwe?"

Pofuna kutonthoza mtima, a Pyo analamula kuti nati iliyonse yomangidwa mokakamiza aziidontheza penti yachikasu, kuti adzaionenso mpata ukapezeka. Mpata sunapezeke. Galimoto zinatuluka pachipata zili nyezinyezi, ndipo a Pyo anaiwala.

Chaka chomwecho Hye-ran, mwana wawo yekhayo amene anamulera okha mayi ake atamwalira, anakwatiwa ndi Maeng Dong-uk, mnyamata wophunzira zamankhwala. Mkamwini wophunzira chonchi salandiridwa chimanjamanja. Akuchikazi amapereka kiyi, kaya wa nyumba kaya wa galimoto. A Pyo anasankha galimoto ya pakampani pawo, makamaka pofuna kutseka pakamwa pa asewere awo. Bambo a Dong-uk, a Maeng, anali ogulitsa nsomba zouma pamsika waukulu, munthu wamkamwa mosauma, ndipo anali ndi mng'ono wawo ku Amereka amene ankawadyetsa nkhani.

"Mng'ono wanga akuti kumeneko ukagula galimoto ya kwanu, ugulirenso nsapato zolimba," anatero a Maeng tsiku limene galimoto inafika. "Akuti kupita umapita pagalimoto, pobwera n'pa wapansi."

"Mng'ono wanuyo abwere adzaione iyi," anayankha a Pyo. "Mabuleki ake ndi manja angawa. Ikadzakuvutani mudzandilavulire kumaso."

Kwathu kuno galimoto yatsopano siyenda isanapatsidwe ulemu wake. Anaika tebulo patsogolo pake, mutu wa nkhumba pakati, n'kuthira mowa wa mpunga pa tayala lililonse. Dong-uk anagwada n'kugunditsa mphumi pansi, Hye-ran akumangirira nsomba youma pagalimotoyo ndi ulusi woyera. Mwambo utatha a Pyo anatsegula boneti kuti asewere aone ntchito ya manja awo. Anaweramira mkati akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunauma pomwepo. Pansi, pa nati ya kapaipi ka mabuleki, panali kadontho kachikasu.

A Pyo anaizindikira penti ija. Anakumbukira kuti chaka chimenecho ogula akunja anachepa, ndipo galimoto zambiri za sabata ija anazigulitsa konkuno.

"Mwaona chiyani, asewere? Mwalowa khoswe?" anafunsa a Maeng.

"Ayi, ndimangosirira," anatero a Pyo, n'kutseka boneti.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinasiya kukoma. Lamya ikalira kunyumba ankadzidzimuka, akamva kulira kwa ambulansi ankaima pamsewu ngati chitsa. Kapaipiko kankafunika kuchotsedwa konse, galimoto itakwezedwa pagalaja tsiku lathunthu, choncho sinali ntchito yochita mobisa. Lamlungu lina anapita kwa ana awo atatsimikiza mtima, koma anapeza a Maeng ali pomwepo, akusenda mapeyala.

"Akamwini, mundibwereke galimoto mawa, ndikaionetse pang'ono kuntchito."

Dong-uk asanayankhe, a Maeng anaika mpeni pansi. "Eee! Yayamba kale? Ngakhale mowa tinathira uja sunaume pamatayala! Dikirani ndimulembere mng'ono wanga."

A Pyo anabweza mawu msanga. "Mwamva zanu. Ndimafuna anyamata akaipukute basi. Ilibe vuto."

"Ngati ilibe vuto ilekeni. Kupukuta ndipukuta ndine," anatero a Maeng.

Onse anaseka, ndi a Pyo omwe. Pobwerera kwawo anadzitukwana njira yonse, n'kulumbira kuti sabata yamawa adzanena. Sabata yamawayo inabala inzake. Chimene ankatha n'kudzera kwa anawo m'mamawa popita kuntchito, kusuzumira pansi pa galimoto, ndipo nthawi zina ankapeza kadontho ka mafuta pasimenti. Ankakafufuta ndi nsapato. Akapita kukacheza ankapempha kiyi ngati akufuna kumvera wailesi ya m'galimoto, n'kuwonjezera mafuta a mabuleki mwakabisira. Ankadzinyenga kuti m'tauni ndi pachidikha, ndipo mkamwini wawo sathamanga.

Chaka chotsatira a Maeng anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo phwando la msinkhu umenewo limachitikira kumudzi. Kwawo kunali ku Danyang, kuseri kwa phiri la Jungnyeong. Aliyense amene anadutsapo msewu wakale uja amadziwa mmene umapindikira potsika, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo. Nthawi imeneyi n'kuti Hye-ran ali woyembekezera, mimba itaonekera kale.

"Bwanji tikwere sitima yapamtunda?" anatero a Pyo. "Mwanayu ndi wodwala, msewu uja umukhutchumula."

"Bambo, m'sitima masiku ano mulibe ngakhale poponda," anatero Hye-ran. "M'galimoto ndikhala bwino."

"Asewere akuiopa galimoto yawo yomwe," anatero a Maeng. "Wophika akakana kulawa, ife odya titani? Mukhala kutsogolo inuyo, kuti ikafuna kukankha muyambe kutsika."

A Pyo anakhala kutsogolo, pambali pa mkamwini wawo. Kumbuyo kunakhala a Maeng ndi Hye-ran, kamtanga ka makeke a mpunga kali pakati pawo. M'mawa umenewo a Pyo anali atadzaza mafuta mpaka pakamwa, koma mantha sanachoke. Nthawi iliyonse Dong-uk akaponda buleki, iwo ankayang'ana phazi lake kuti aone ngati likumira kwambiri. Malaya anawamatirira kumsana.

"Bambo, mwatuluka thukuta. Mukudwala?" anafunsa Hye-ran, n'kuwapatsira mpango.

"Ndi kutentha chabe, mwanawe."

"Kutentha kwake kuti? Ine ndavala juzi."

Galimoto inakwera phiri bwinobwino. Pamwamba pali malo opumira pamene amayi amagulitsa chimanga chophika ndi mbatata, ndipo anaima kuti awongole miyendo. Enawo ali kogula, a Pyo anagwada kuseri kwa tayala lakutsogolo ngati akumanga chingwe cha nsapato. Mkati mwa tayala munali monyowa, mafuta akutsetsereka pang'onopang'ono. Anawakhudza ndi chala. Kabotolo ka mafuta anali atakasiya kunyumba poopa kuti wina akaona.

Anadzuka atatsimikiza. Anayang'ana mwana wawo ataima pamphepo, dzanja lili pamimba, ndipo anati zivute zitani anena. Anayenda kupita kwa asewere awo, amene n'kuti atakumana ndi abale ena opita kuphwando komweko pa basi.

"Asewere, pali mawu."

"Dikirani, ndiyambe ine," anatero a Maeng, n'kuwagwira paphewa. "Abale inu, awa ndi asewere anga, apongozi ake a Dong-uk. Galimoto mukuiona apoyo anaimanga ndi manja awo. Ine ndakhala ndikuwanyoza chaka chonse, koma lero ndavula chipewa. Phiri lonseli osatsokomola ngakhale kamodzi! Asewere, ndinakulakwirani. Mng'ono wanga uja ndi wabodza."

Abale aja anawerama mwaulemu, mmodzi n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. Mawu amene a Pyo anawalakalaka chaka chonse anabwera pa nthawi yoipitsitsa, ndipo anawatseka pakamwa kuposa chipongwe chonse chija.

"Mumati pali mawu?" anafunsa a Maeng.

"Ndimati... akamwini atsike pang'onopang'ono. Agwiritse giya yaing'ono."

"Basi? Tiyeni, chakudya chikuzizira kumudzi."

A Pyo analowa m'galimoto. Pakona yoyamba buleki inagwira. Yachiwiri inagwiranso, koma phazi la Dong-uk linamira kuposa kale, ndipo a Pyo anaona. Kumbuyo a Maeng ankaimba kanyimbo ka kwawo akumenya bondo. Kumanzere, kupitirira kampanda kachitsulo, mitengo ya m'chigwa inkaoneka ing'onoing'ono ngati udzu. A Pyo anatsegula pakamwa, lilime linakana.

Kutsogolo kunali lole yonyamula simenti, ikutsika mwaulesi. Dong-uk anaponda buleki. Phazi linafika pansi popanda chogwira. Anapondanso, n'kupondanso.

"Apongozi, buleki palibe!"

"Dong-uk, usasewere!" anakuwa a Maeng.

"Palibe, bambo! Palibe!"

Hye-ran analira. Lole inkakula pagalasi, ndipo kuidutsa kunali kosatheka chifukwa basi inkakwera mbali inayo. Apo m'pamene mawu a a Pyo anatuluka, aakulu ngati a m'fakitale.

"Kuthanthwe! Ikhuleni kuthanthwe, mbali yangayi! Hye-ran, gwira mimba!"

Dong-uk anapotoza chiwongolero kumanja. Chitsulo chinalira pamwala, magalasi anaphulika, galimoto inakhulika pathanthwe mtunda ndithu mpaka inakamenya pamene mwala unatulukira mumsewu. Kenako kunangoti zii, kupatula madzi a injini amene ankadontha.

Hye-ran ndi mwamuna wake anatuluka ndi mabala aang'ono, ndipo mwana m'mimba anapulumuka. A Maeng anathyoka mwendo. Koma a Pyo anachita kuwadula m'zitsulo, chifuwa chitaphwanyika, ndipo madokotala a ku Danyang atawaona anangopukusa mitu.

Anakhala ndi moyo masiku owerengeka. Tsiku lina masana anapempha kuti awabweretsere asewere awo, ndipo a Maeng anabwera pa njinga ya odwala, mwendo uli m'chikhakha. A Pyo anafotokoza zonse, mawu akudukaduka: za manati, za mafuta amene ankafufuta ndi nsapato, za tayala lonyowa pamwamba pa phiri. A Maeng anamvetsera osawadula, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Ndiye pamwamba paja mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Mwana wanu ali m'galimoto? Ndi mdzukulu wathu?"

A Pyo anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. "Ndimaopa kuti mundiseka."

 Mkwiyo unawagwira a Maeng, chisoni chinawagwiranso.

"Kuseka ndikanakusekani, asewere, sindikana. Ndikanakusekani sabata yathunthu, mwina ziwiri. Kenako tikanakonza galimoto n'kukamwa mowa. Nanga tsopano ndiseka ndi yani?"

A Pyo anamwalira m'mawa mwake. Mdzukulu wawo anabadwa chipale chofewa chitayamba kugwa, mtsikana wakhosi lonenepa ngati agogo ake a Pyo, amene sanamunyamulepo. Ife amene tinkawadziwa tinalira, koma polira tinkadziwa kuti chinawapha si thanthwe la Jungnyeong. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi idafera kuuna.