Foni Yachiwiri ya Lukonde

Pa shopu ina yokonza mafoni m'tauni ya Lusaka, Lukonde ankadzitama kuti palibe foni imene ingamukanike. Chaka chija intaneti inatsekedwa pa masankho, iye ndiye ankaikira anthu VPN, kachida kobisa kumene munthu akulembera. Kuyambira pamenepo anakakhulupirira kuposa pemphero.

Koma mtima wake sunali m'malo. Banja lake linali litatha, ndipo anabwerera kwa amayi ake ku Kabwata. Tsopano mng'ono wake, Bethany, ankakwatiwa ndi mwana wa mkulu wa mpingo ku Woodlands, ndipo azakhali sankatopa kumuuza mkwatibwiyo kuti asakachite ngati mkulu wake. Lukonde ankaseka nawo, koma nsanje inkamudya ngati chiswe.

Tsiku la chilangizo, bana chimbusa, alangizi achiBemba aja, anatsekera Bethany m'chipinda ndi amayi ochepa apachibale. Mwambo wake ngwakuti za m'menemo zimathera momwemo, choncho aliyense anasiya foni m'beseni pakhomo. Lukonde anasiya imodzi, ina anaibisa m'chitenje. Ng'oma italira, anajambula zonse: nyimbo, kudula chiuno, ndi mng'ono wake ali chigwadire, atavala kansalu kokha.

M'mawa mwake anagwira ntchito yake mwaluso, tisamunamizire. Anayatsa VPN, natsegula akaunti ya dzina labodza, nafufuta chilichonse chosonyeza foni imene inajambula. Jethro, mnzake wa pantchito, anasuzumira.

"Ba Lukonde, VPN ibisa chabe njila, siibisa katundu wamene mwanyamula."

"Iwe Jethro, ona zako. Nine ninakuphunzisa nchito," anatero, natumiza vidiyoyo ku tsamba la miseche.

Pofika madzulo, Lusaka yense anali ataonera. Akuchimuna anaimitsa ukwati, amvekere iwo sangalandire mtengwa wovinira dziko lonse. Bethany anasiya kudya. Amalume anapita kwa odziwa makompyuta, koma anabwerako manja ali m'khosi: ati uthengawo ukuoneka ngati wachokera ku Ulaya.

Mungaganize kuti Lukonde anapeza mtendere. Ayi ndithu. Akakhala pansi ankadzuka, akadzuka ankayang'ana pafoni. Mlendo akagogoda, ankayamba wasuzumira pazenera. Ankadzitonthoza kuti kachida kake sikanagwetsepo munthu, ndipo n'zoona, sikanamugwetse.

Bethany yekha ndiye sanafufuze kumene vidiyo inachokera. Iye ankangoiyang'ana, kuibwereza, misozi ili chuchuchu. Tsiku lina masana anaitana mkulu wake kuchipinda, namuonetsa foni.

"Ba sisi, bwelani muone. Aba ni ba mayo. Aba ni bana chimbusa na ng'oma yao. Aba ba Christine, aba ba Bernadette pa chitseko. Ine nili apa pansi." Anaimitsa vidiyo, namuyang'ana m'maso. "Tinali chabe ise mu lumu muja. Manje imwe muli kuti?"

Lukonde anayang'ana vidiyoyo. Kamera inazungulira chipinda chonse, inaonetsa nkhope iliyonse, kupatula ya amene anaigwira.

"Sinizauza munthu," anatero Bethany motsitsa mawu. "Koma pa ukwati wanga musakabwele. Nilibe mkulu."

Akuluakulu anakambirana, akuchimuna mitima inatsika, ndipo ukwati unachitika ku Kabulonga. Lukonde anali atasamukira m'kachipinda ka lendi ku Chunga. Zithunzi za ukwatiwo anazionera pa akaunti yake yabodza ija, VPN ili chiyakire, wopanda womuona. Anayang'ana chimodzichimodzi: amayi ake, azakhali, mng'ono wake akumwetulira. Umonso munali aliyense kupatula iye, ndipo analira ngati mwana.

Mdima umene anaudalira unabisa dzina lake kwa alendo, koma sunamubise kwa amene anakula naye pamphasa imodzi. Akuluakulu sananame: ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere.