Mabatani a Telala ndi Nyimbo za Amayi

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la golosale pamsika wina waung'ono. M'mawa ankapalasa makina ake. Madzulo ankavala wezulo m'khosi n'kupita kubwalo, chifukwa ndiye anali kochi wa timu ya mpira ya m'deralo. Udindowo sunkamupatsa ngakhale sopo, koma ankaukonda kwambiri. Munthu akangomuitana kuti "akochi", ankayenda ngati boma lamukweza pantchito.

Nzeru za mpira anali nazo, tisamunamizire. Anali ndi chitini cha mabatani. Loweruka lililonse ankaitana anyamata ake, n'kujambula bwalo ndi choko patebulo lodulira nsalu, n'kuyamba kuyala. Batani lalikulu la jekete linali goloboyi. Anayi akuda anali otchinga kumbuyo. Anayi oyera anali apakati, olanda mpira ndi kuupatsira kutsogolo. Awiri ofiira anali omwetsa zigoli.

"Akuda inu musadutse mzere wapakatiwu," ankatero. "Mmodzi akapita kukalanda mpira, atatu atseke pakhomo."

Anyamata onse ankavomera. Patebulopo timu imeneyi sinagonjepo ngakhale kamodzi. Batani ukaliika pamalo limakhala pomwepo mpaka ulisunthe wekha. Lili ndi mabowo anayi koma lilibe khutu. Vuto linali lakuti Lamulungu m'bwalo simunkalowa mabatani. Munkalowa anthu, ndipo anthu ali ndi makutu.

Kubwaloko kunkabwera gulu la amayi oimba, ndi ng'oma yawo imodzi. Ankaima kuseri kwa golo limene timu yawo ikumwetsako, ndipo chigawo choyamba chikatha iwonso ankasamuka n'kukaima kugolo linalo. Mwambo wawo unali wakuti womwetsa chigoli aimbidwe dzina. Nyimboyo sinkathera kubwalo. Inkafika kumjigo, kuchigayo ndi kumadimba, sabata yonse. Amene ankaimbidwa kawirikawiri anali Dausi, mnyamata wowonda wa liwiro, ndipo nkhani zinkamveka kuti amandasi ankamuwonjezera limodzi osapempha.

Tsono mpira ukayamba, kwa kanthawi timu inkaoneka bwino ndithu, anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo. Dausi akamwetsa, ng'oma inkalira. Apo wapakati mmodzi ankasendera kutsogolo pang'ono. Mnzake ankamutsatira. Wakumbuyo ankaona kuti pakati pachepa anthu, nayenso n'kunyamuka kukathandiza, osabwereranso. Pofika chigawo chachiwiri, anthu asanu ndi anayi anali atadzazana pagolo la eni ake, akupondana mapazi, aliyense akufuna kuti mpira umugunde ngakhale pabondo. Kumbuyo kunkatsala goloboyi ndi munthu mmodzi, Lufeyo wakabaza, bambo wofatsa wa miyendo yolimba. Adani ankangoponya mpira patali n'kuthamanga atatu. Timu ya telala inkamwetsa zitatu n'kumwetsedwa zisanu. Amayi ankapita kwawo akuimba zitatu zija, telala akupita kwawo manja ali m'khosi.

Anayesa zonse. Anaika mabatani asanu kumbuyo, koma asanuwo anakapezekanso kutsogolo. Anasintha anthu, kuika apakati kumbuyo, koma zinali chimodzimodzi. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Anawathamangitsa kuzungulira bwalo kakhumi monga chilango, ndipo chilangocho chinangowapatsa mpweya wokafikira kutsogolo msanga. Ankayang'ana miyendo ya anyamata ake kuti apeze pamene pali matenda, ndipo sanapezepo kanthu.

Atagonja kachisanu ndi chimodzi motsatizana, zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Akuluakulu a komiti anabwera pakhonde paja. Anamuuza mwaulemu kuti Lamulungu likudzalo kubwera timu ya kuesiteti, ndipo akagonjanso, wezulo aipereke kwa wina. Telala anayankha kuti wamva. Iwo atachoka anasokerera thumba la buluku lomwe ankasoka mpaka kulitseka, chifukwa mtima unali ukumuwawa.

Lachitatu m'mawa Lufeyo anaimika njinga yake pakhondepo, atabweretsa malaya ong'ambika m'khwapa. Anakhala pabenchi n'kudikira. Kuseri kwa golosale kunali nyumba ya telala, ndipo mkazi wake, aNankhoma, anali kuchapa uku akuimba. Ankaimba nyimbo ya Dausi. Iwowo ndiwo anali mtsogoleri wa amayi oimba aja, ndipo nyimbo zonsezo ankapeka ndi iwo.

Lufeyo anamvetsera mpaka nyimbo inatha, kenako anati, "Akochi, Lamulungu nanenso ndipita kutsogolo. Ndati ndikuuzirenitu."

"Iwenso, Lufeyo?"

"Zaka zitatu ndili kumbuyo. Tikamwetsedwa, otukwanidwa ndine. Tikamwetsa, woimbidwa ndi wina. Apongozi anga anafunsa mkazi wanga ngati ndimasewera kapena ndimangonyamula mipira."

Telala anasiya kupalasa makina. Anayang'ana Lufeyo, n'kuyang'ana chitini cha mabatani, n'kutchera khutu kuseri kumene nyimbo inali itayambiranso. Apo ndi pamene anazindikira. Miyezi yonseyi timu yake inali ndi makochi awiri. Wina ankayala anthu Loweruka ndi mabatani, wina ankawayala Lamulungu ndi ng'oma, ndipo anyamata ankamvera wachiwiriyo. Kochi wachiwiriyo ankagona naye nyumba imodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lomwelo masana anatseka makina, n'kutenga chitini chake, n'kupita pansi pa mtengo wa mango pamene amayi aja ankaphunzirira nyimbo. Amayi anadabwa kumuona. Iye anagwada pafumbi, n'kujambula bwalo ndi chala, n'kuyala mabatani.

"Bambo a Esinati, mwasochera?" anafunsa aNankhoma. "Kuno kulibe osewera."

"Osewera ndinu," anatero telala. "Ndabwera kudzapempha nyimbo."

Anatenga batani limodzi lofiira n'kuliyendetsa molunjika pagolo, n'kuika lakuda patsogolo pake. Anawafotokozera kuti chigoli chimene chaletsedwa n'chofanana kulemera ndi chigoli chimene chalowa. Anawauza kuti pali munthu amene amathamanga osakhudza mpira, kungotseka njira kuti mdani asowe kopatsira, ndipo munthu ameneyo wagwira ntchito. Anawatchulira mayina a anayi akumbuyo, limodzilimodzi.

"Ife timaimba zimene taona," anatero aNankhoma. "Chigoli chimaoneka. Izi mukunenazi simunatiuzepo."

"Kulakwa n'kwanga," anavomera telala.

"Ndiye mukuti wotchinga kuti choipa chisalowe ndi munthu wofunika?"

"Wofunika koposa. Popanda iye palibe timu."

ANankhoma anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, ngati ali ndi mawu ena, koma anangoti, "Chabwino. Siyani mabatani akudawo, tiwaphunzire."

Lamulungu linafika. Timu ya kuesiteti inabwera pathirakitala, itavala yunifolomu yatsopano, ndipo inali itamva kale kuti kuno kumbuyo kumakhala chitseko chosatseka. Akomiti anakhala pabenchi lawo. Telala anaima m'mbali mwa bwalo, dzanja lili pawezulo ngati wina amulanda nthawi isanakwane. Anthu anadabwa kuona amayi agawikana. Ochepa anapita kugolo la adani monga mwa masiku onse. Ambiri, pamodzi ndi ng'oma, anakaima kuseri kwa goloboyi wawo yemwe.

Poyamba zinayenda monga kale. Dausi anaphonya chigoli pang'ono, ndipo akumbuyo atatu anayamba kusendera kutsogolo, akuyenda ngati sakuyenda. Lufeyo nayenso anali atafika pamzere wapakati, phazi limodzi litadutsa kale. Nthawi yomweyo a kuesiteti anaponya mpira patali, ndipo wothamanga wawo anauyamba ulendo yekha. Zaka zitatu si masewera, miyendo ya Lufeyo inatembenuka yokha. Anamupeza munthuyo atatsala pang'ono kuwombera, n'kumuchotsera mpira pamapazi mwaukhondo, n'kuutulutsa kunja.

Ng'oma inalira. Mawu a aNankhoma anakwera, amayi onse n'kupolokozana nawo:

Pali Lufeyo palibe njira,
bwererani kwanu, alendo, bwererani.

Lufeyo anaima chilili. Anayang'ana kumbuyo kuti aone ngati pali Lufeyo wina. Atatsimikiza kuti ndi iye, anakonza kabudula wake, n'kuima pamalo pake ngati wakhomeredwa ndi msomali. Chithumwa? Ayi, inali nyimbo chabe, koma anzake atatu aja anaimva ali kutsogolo. Anayang'anana. Wina anayamba kubwerera, akuyenda ngati sakuyenda. Pasanapite nthawi onse anali pamzere umodzi, aliyense akupemphera kuti mdani adzere kwa iye. Wakumbuyo wachiwiri analetsa mpira ndi mutu, n'kuimbidwa. Goloboyi anagwira mpira wina, n'kuimbidwa. Wapakati anathamangira kudzathandiza, naye dzina lake linalowa.

Telala anayang'ana bwalo ndipo anaona chimene anali asanachionepo kunja kwa tebulo lake. Anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo, mpaka chigawo chachiwiri. Vuto limodzi lokha linabuka. Dausi anaona kuti ng'oma yasamuka, nayenso anayamba kupezeka kumbuyo, akuti akuthandiza. Telala anachita kumukuwira kuti abwerere kuntchito kwake. Anabwerera monyinyirika, ndipo mpira utatsala pang'ono kutha analandira wina wochokera pakati n'kumwetsa chigoli chimodzi. Chimodzicho chinakwanira, chifukwa kumbuyo sikunalowe kanthu.

Akomiti anabwera kudzamugwira chanza. Anamuuza kuti iwo ankadziwa kale kuti munthu ndi yemweyu. Wezulo inatsala m'khosi mwake.

Pobwerera kunyumba telala anali wosangalala kwambiri, ndipo pakamwa sipankatseka. Ankafotokozera mkazi wake mmene anayi akumbuyo amagwirira ntchito, mmene munthu wanzeru amayalira timu, ndi mmene anthu osadziwa mpira amaiwalira otchinga. ANankhoma ankangomvetsera, ng'oma ili pamutu. Atafika pamphambano anati, "Bambo a Esinati, ndifunse. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu tili m'nyumba imodzi. Njala sinalowe, manyazi sanalowe, mvula sinakunyowetseni mukugona. Kodi amatchinga ndani?"

Telala anaima. Anafuna kuyankha za mpira, koma mpira unali utatha. Anachita manyazi, chifukwa anakumbukira kuti iye akasoka suti yabwino mudzi wonse umamva, koma sanathokozepo ngakhale kamodzi pa zinthu zoipa zimene sizinachitike m'nyumba mwake. Anatsokomola. Kenako, ndi mawu ake osasa aja, pamsewu anthu akudutsa, anayamba kuimba kuti pali aNankhoma palibe njira.

"Basi, basi, mundichititsa manyazi," anatero aNankhoma. Koma amene anaona amati anachepetsa liwiro kuti nyimboyo ithe bwino.

Tsono inu amene mukundimvera, ena muli ndi ana, ena muli ndi antchito, ena mumatsogolera mpingo kapena kalabu. Mumadandaula kuti aliyense akuthamangira poonekera, ndipo ntchito zakumbuyo zikusowa wogwira. Mwayala malamulo, mwakuwa, mwalanga. Musanakuwenso, mvetserani kaye nyimbo zimene zimaimbidwa pakhomo panu, muone amene amatchulidwamo. Anthu saima pamene mwawaika, amaima pamene ng'oma ikulira. Ndipo mukafika kunyumba lero, muyang'ane amene wakhala akutchinga kumbuyo kwanu zaka zonsezi, mumutchule dzina iye akumva.