Cholembera cha Ziku

Ziku anachokera kudziko lina, kuseri kwa nyenyezi, n'kudzayamba Sitandade 6 pasukulu yathu. Ndaziona yekha ndiye anamusunthira padesiki n'kumubwereka kapu yomwera phala.

Tsiku lina aphunzitsi atatuluka, Ganizani, monita wa kalasi, anaimirira pamaso pa awiriwo.

"Iwe mlendo, bweretsa cholembera chako cholemba chokha chija. Ukakana, ndimulemba mnzakoyu pa olongolola, akakumbe dzenje la zinyalala."

Misozi inalengeza m'maso mwa Ndaziona.

"Tengani, achimwene," anatero Ziku mwaulemu. "Ingochiuzani kuti chizilemba aliyense wolankhula. Inu mupumeko."

Ganizani anachiimika papepala n'kuchilamula. Ziku anadzigwira pakamwa, kalasi yonse n'kumutsanzira. Koma Ganizani anazungulirabe monga mwa masiku onse, uku akukuwa: "Chete! Ndati chete! Lero mundidziwa!"

Aphunzitsi atalowa, Ganizani anawapatsa pepalalo monyadira, osaliyang'ana n'komwe.

"Ganizani," anawerenga aphunzitsiwo. "Ganizani. Ganizani. Mpaka kakhumi ndi kawiri! Mwana woona mtima chonchi sindinamuonepo. Katenge khasu."

Nthawi yopuma itakwana, Ndaziona anamupititsira Ganizani phala kudzenje konko. Ziku anangopita kukatenga cholembera chake.